Injini Yopanda Pobayira Kompyuta

Masiku ano galimoto ikayamba kuvuta, mwini wake amafika pagalaja pempho lili kukamwa: "Tayiikani pa kompyuta, achimwene." Makaniko amagwada pansi pa chiwongolero n'kubaya chingwe pa soketi ya mabowo 16, ndipo posakhalitsa kamakina kalemba P0301, kutanthauza kuti silinda yoyamba siikuwotcha bwino. Soketiyi, yotchedwa OBD-II, inakhala lamulo pa galimoto zogulitsidwa ku America mu 1996, ndipo ku Ulaya lamulo lofanana nalo linafika mu 2001 pa galimoto za petulo. Ma Sienta, ma Vitz ndi ma Passo a ku Japan, amene amalowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, onse ali napo pobayira.

Wolemba nkhaniyi anakula kulibe zimenezi. Misewu inali ya Peugeot 404 ndi 504, Datsun, malole a Bedford ndi Land Rover za boma, za amishoni ndi za m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Makaniko ankapima ndi khutu, mphuno ndi zala.

Kusintha kumeneku kumaonekera poyera munthu akafuna kudzutsa galimoto yakale. Land Rover Series III inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri, n'chifukwa chake zina zikadali kuseri kwa nyumba, zitakhala pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pampando. Injini yake ya petulo, ya malita 2.25 ndi masilinda anayi, ilibe bokosi la kompyuta ngakhale masensa ouza kamakina chilichonse. Mnyamata wa makono amaizungulira chingwe chili m'manja, osapeza pobaya.

Wolembayu anaonerera imodzi yotere ikudzutsidwa m'galaja ina ku Biwi, mu Lilongwe, m'manja mwa makaniko wa imvi amene anyamata ake ankangomutchula kuti madala. Galimotoyo inkalira ndithu, koma monjenjemera, ikulavula utsi wakuda, ndipo pachitunda inkafooka.

Madalawo sanathamangire sipanala. Anatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pa injini, chogwirira pakhutu, n'kumasuntha pang'onopang'ono. Phokoso lopepuka la pamwamba, loti tiki tiki, limakhala la matapeti, amene pa injiniyi amafuna mpata wa mamilimita 0.25 basi. Kugogoda kolemera kwa pansi ndi mabeyaring'i, ndipo apo mwini galimoto amagwira mutu. Pansi panali zii. Kenako, injini ikulira, anayamba kuzula zingwe za mapulagi chimodzichimodzi. Chingwe cha silinda yamoyo chikachoka, injini imagwa mphamvu nthawi yomweyo. Atazula chachitatu sipanasinthe kanthu. Silinda imeneyo inkangonyamulidwa ndi zinzake.

Chinatsala n'kudziwa chifukwa chake: kodi ndi moto, mafuta, kapena kompuresheni? Pulagi imaulula zambiri. Ikakhala ndi mwaye wouma ndiye kuti petulo wachuluka, ikanyowa ndi oyilo maring'i atha, ikayera mbuu petulo akuchepa. Moto unalipo. Geji ya kompuresheni itamangidwa pabowo la pulagi, singano inakwera pang'ono chabe. Apa anathiramo supuni ya oyilo n'kuyezanso. Oyilo amatseka kwa kanthawi mpata wa maring'i otha, choncho singano ikanakwera, mlandu ukanakhala wa maring'i. Sinasunthe. Mpweya unkathawira pa valavu.

Hedi itatsika, valavu ya ekizozi inapezeka itamira m'mpando wake. Nthenda imeneyi amakaniko a m'ma 1980 sankaiona kawirikawiri, chifukwa petulo wa nthawi imeneyo anali ndi mtovu umene unkateteza mipando ya mavalavu. Maiko a kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wamtovu kumayambiriro kwa 2006, ndipo anachita bwino, poti mtovu umawononga ubongo wa ana. Koma hedi yachitsulo ya injini yakale imafunika kuikidwa mipando yolimba kuti ipirire petulo wa lero. Palinso ethanol, amene dziko lino lakhala likusakaniza ndi petulo kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi. Galimoto ikaima zaka, thanki imachita dzimbiri m'kati, timabowo ta kabuleta timatsekeka, ndipo mapaipi a labala amauma n'kung'aluka.

Utsi wakuda unali nkhani ina. Kabuleta ya Zenith ya pa injiniyi imadziwika ndi kupindika pamene zigawo zake zimakumana, komanso kutha kwa kalabala kozungulira ka m'kati mwake, ndipo petulo amadutsa mosayezedwa. Madala aja anaimasula, n'kuyala sandipepa pagalasi, n'kumapekesa zigawozo mpaka zitasalala mofanana. Mapointi a mu distributa ya Lucas anawapatsa mpata wa pafupifupi mamilimita 0.4, umene akale ankauyeza ndi kakatoni ka bokosi la machesi. Zingwe anazibwezera motsata 1-3-4-2, poti kungosinthanitsa ziwiri injini imaphulitsa ngati mfuti.

Wolembayu sakulira kuti zakale zibwerere. Mapointi ankapsa kawirikawiri, m'mawa wa mu Juni galimoto zinkadzuka ndi chokoka kapena chokankha, ndipo injini ya lero simungaimvetse ndi khutu lokha. Chomudandaulitsa n'chakuti P0301 imangonena zomwe madala aja anadziwa pozula chingwe: silinda yakuti yagona. Siinena chifukwa. Ndiye m'magalaja ambiri amasintha pulagi, ikakanika koyilo, ikakanikanso injekita, zonsezo pa ndalama za mwini galimoto, geji ya kompuresheni ili m'bokosi osaikhudza. Kupima kwasanduka kugula masipeya moyerekeza.

Masipeya enieniwo nawonso asamuka. Kale munthu ankangolowa mumsika wa Ndirande n'kutuluka ndi kondensa kapena gasiketi ya Land Rover. Lero zambiri zimaitanitsidwa ku South Africa kapena ku Britain, chithunzi chitatumizidwa pa WhatsApp, ndipo kulakwitsa popima kumatanthauza kudikira katundu wosafunika kwa milungu.

Choncho inu amene mwasunga 504 kapena Land Rover ya malemu bambo anu, musayambe ndi penti kapena mipando. Tsukani thanki, sinthani mapaipi a petulo, yezetsani kompuresheni musanagule chilichonse. Ndipo mukapeza makaniko wodziwa kabuleta ndi mapointi, pitani ndi mnyamata wanu akakhale pambali pake akugwira masipanala, chifukwa amakaniko otere atsala ochepa ndipo ambiri ndi okalamba.