Kalata ya ku Avondale: za golide wa ku Makanjira

Achimwene,

Uthenga wanu ndaumva, ndipo ndati ndiyankhe polemba chifukwa nkhani ya ndalama siikoma kuikamba pafoni mothamanga. Mukuti poti kwacha ya kuno yalimba, nditumize zochulukirapo tigule golide kwa anyamata okumba ku Makanjira, tisunge. Ine ndikukana, ngakhale maganizo anuwo si opanda mutu.

Zoti kwacha ya Zambia yalimba n'zoona. Kumayambiriro kwa 2025 dola imodzi inali pafupifupi K28. Pofika Okutobala inali cha m'ma K23. Kopa akugulidwa bwino kunja, ngongole zomwe boma linalephera kubweza mu 2020 anazikonzanso, ndipo chimanga chinachita bwino pambuyo pa chilala cha 2024. Koma mukalowa m'sitolo ku Twin Palm, mitengo sikutsika mothamanga ngati dola. Lendi ili pomwepo.

Tsono taonani masamu awa. Golide amatchulidwa mtengo m'madola. Mu Januwale 2025 aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31, inali cha m'ma $2,600, ndipo mu Okutobala inadutsa $4,000. Wa madola anapindula kuposa theka la ndalama yake. Wa kuno amene anagula ndi kwacha n'kudzagulitsa m'kwacha anapindula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zinazo zinadyedwa ndi kulimba kwa ndalama yake yomwe. Ndalama yanga ikamalimba, ine ndilibe chothawira ku golide.

Inu kwanuko muli nacho, sindikutsutsa. Munagona ndi ndalama kubanki mu Novembala 2023 n'kudzuka kwacha ya Malawi itagwetsedwa ndi 44 peresenti. Katundu akukwera tsiku ndi tsiku pomwe ntchito kulibe, mabizinesi aima, mafuta ndi a pamzere. Zoterezi zinawagweranso azungu m'ma 1970, ndipo ambiri anathamangira ku golide mpaka anafika $850 mu Januwale 1980. Chimene ogulitsa satchula n'chakuti amene anagula pamtengo umenewo anadikira mpaka 2008 kuti auonenso. Zaka 28 chitsulo chili gone m'bokosi, chosaswa, chosabala chiwongoladzanja. Fizi ya ana singadikire choncho.

Koma chondiopsa kwambiri ndi golide weniweniyo amene mukufuna tigule. Kuchoka pano pa Avondale kutsata msewu wa Great East, womwewu wopita ku Chipata ndi Mchinji, bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili pafupi. Pabwalo limeneli mu Ogasiti 2023 anagwira ndege yochokera ku Cairo ili ndi madola pafupifupi 5.7 miliyoni ndi zidutswa 602 zonyezimira, zolemera makilogalamu 127. Ataziyeza anapeza kuti zambiri ndi kopa ndi zinki. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati nkhani ya anthu oyenda pandege yawoyawo inathera pamenepo, nanga ife ogula fumbi la m'kapepala ka shuga, loyezedwa pa kasikelo ka wogulitsa yemweyo, pansi pa mtengo? Inu ndi ine sitidziwa kusiyanitsa golide ndi mchenga wonyezimira wa mumtsinje.

Mabanki aakulu amagula, inde. Bank of Zambia imatenga golide woyengedwa wa mgodi wa Kansanshi ku Solwezi, ndipo Reserve Bank ya kwathu ku Malawi inayamba kugula kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021 kudzera ku Export Development Fund. Iwo ali ndi makina oyezera, alonda ndi lamulo kumbuyo kwawo. Munthu wamba wogula wopanda chiphaso, apolisi akamupeza naye pa rodibuloko, golide amapita, iyenso n'kugona m'chitolokosi. Ndipo pogulitsa mudzapita kwa yani? Kwa mavenda, ndipo amene adzatchule mtengo ndi iwo.

Ndalama nditumiza kumapeto kwa mwezi, yochulukirapo monga mwapempha. Isagone m'thumba ngakhale sabata. Mugule feteleza mitengo isanakwerenso, malata otsala a nyumba ya amayi, ndipo yotsalayo mbuzi ziwiri zazikazi. Ngati mtima uli pa golidebe, kafunseni kaye ku ofesi ya za migodi ku Lilongwe kuti chiphaso chogulira n'chingati ndipo amayeza kuti, mukandiuze, tikambirane.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mng'ono wanu,
ku Avondale, Lusaka