Liu Lakuti "Charge"

Anzanga, pali liu lina la Chingerezi limene timalimva tsiku ndi tsiku pano pasukulu, koma nthawi iriyonse limabwera litabvala malaya ena. Liulo ndilo "charge". Aphunzitsi aakulu akasankha mnyamata kuti aziyang'anira nyumba yathu yogonamo, amati ali "in charge". Wogulitsa nsomba kumsika akatchula mtengo, timati watitchaja. Munthu akagwidwa ndi apolisi amamtchaja mlandu. Tsono tikalowa m'kalasi la sayansi, liu lomwelo timalipeza pa chipeso cha pulasitiki chimene, tikachitikita m'tsitsi louma, chimanyamula tizidutswa ta pepala.

Ambiri a ife timangoloweza matanthauzo anaiwa padera-padera, monga alendo osadziwana okhala pa benchi limodzi. Ine ndiona kuti onsewa ndi pachibale. Kale-kale Aroma anali ndi liu lakuti "carrus", ndilo ngolo. Afalansa anatengapo lao lakuti "charger", kutanthauza kulonga katundu, ndipo Angerezi anabwereka kwa iwowo. Ngakhale "car" ndi "cargo" anatsika m'ngolo yomweyo. Taonani tsono: wamalonda amakusenzetsa mtengo, wapolisi amakusenzetsa mlandu, ndipo mnzathu woyang'anira uja anamsenzetsa ife tonse pamodzi ndi phokoso lathu la usiku. Amene amasirira mpando umenewu ayambe wakumbukira ngolo ija.

Koma za magetsi ndizo zandikondweretsa koposa. M'chaka cha 1746, ku Leiden m'dziko la Holland, Pieter van Musschenbroek anasimba za botolo la madzi limene linasunga mphamvu ya magetsi. Linamgwedeza thupi koopsa, kotero kuti anati sangabwerezenso ngakhale atampatsa dziko lonse la France. Anthu a masiku amenewo ankayesa kuti magetsi ndi chinthu choyenda ngati madzi, chakuti ungachilonge m'botolo monga mlenje alongera onga mu mfuti. Chifukwa chake liu la katundu lija linawayenera.

Benjamin Franklin wa ku Philadelphia, amene m'chaka cha 1747 analemba za magetsi "positive" ndi "negative", anaona kuti liuli likunama pang'ono. Botolo lotchajidwa liribe magetsi ochuluka kuposa losatchajidwa ai. Chimene chachitika ndi ichi: mbali imodzi yalandidwa, inayo yachulukidwa, ndipo ziwirizi zimafunitsitsa kubwezerana. Munthu akakhudza mbali zonse ziwiri, ngongoleyo imadzera m'thupi mwake. Mphenzi nayonso ndi ngongole yotere pakati pa mtambo ndi nthaka, koma yaikulu yakupha nayo munthu.

Ndi batire ziri pafupifupi chimodzimodzi. Potchaja sitithiramo kanthu monga tithirira chimanga m'nkhokwe, ndipo mukaliika pa sikelo simudzaona kuti lalemera. Timangokankha tinthu tija totchedwa ma-elekitironi kuchoka mbali ina kupita inzake, mankhwala a m'kati ndi kusinthika. Kuli ngati kukweza madzi pa thanki yapamwamba: madzi ndi omwewo, koma tsopano angathe kutsika ndi mphamvu. Anzanga a Fomu 4, funso limeneli likadza pa mayeso, nkhokwe ija muisiye kumudzi.

Kwathu nthambo za magetsi sizinafike. Amai akafuna kumva za moyo wanga kudzera kwa aphunzitsi otisunga, amayamba ayenda ulendo wa ola lathunthu kupita ku sitolo ina imene iri ndi sola padenga, nasiya foni yao kumeneko kufikira madzulo. Pamenepo matanthauzo awiri a liu lathu amakomana pa tebulo limodzi, pakuti mwini sitolo amayamba watchaja foni, ndipo pambuyo pake amatchaja amai. Ndalamayo amaitapa pa ya mchere ndi sopo.