Chiboliboli Chimene Chinang'ambika

Kunsi kwa phiri la Domwe, m'boma la Angonia, kuli mkulu wina wosema mitengo. Dzuwa likangopendeka, anthu a m'mudzi mwake amamva kasemasema kakugogoda pansi pa mtengo wa mango, ndipo amadziwa kuti mkuluyo waweruka kumunda.

Lusoli analitola pothawa nkhondo. M'chaka cha 1986 iye ndi banja lake anawoloka malire nakakhala ku Dedza, monga anachitira anthu ambiri a kuno. Pofika 1992 othawa kwawo a ku Mozambique anali atapitirira 1 miliyoni m'Malawi. Tsiku lina anatsikira ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zosemasema a Kungoni mu 1976. Kumeneko anaona kuti mtengo umene iye ankasemera mipini ndi zipande ungathenso kusanduka nkhope ya munthu. Usiku umenewo tulo sanatione.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera kumudzi chaka chotsatira. Anapeza bwinja lokhalokha. Atamanga nyumba ndi kulima, anadula mlombwa nayamba kusema chimene chinali mumtima mwake: mayi wothawa nkhondo, mwana kumbuyo, mtolo pamutu. Palibe anamutuma. Palibenso analonjeza kugula.

Miyezi itatu inatha. M'mawa wina wa mu Okutobala anapeza chibolibolicho chitang'ambika kuyambira pamutu mpaka pachifuwa. Chifukwa cha changu, anasema mtengo wauwisi, ndipo unauma mofulumira kunja pamene mkati munali mudakali madzi.

"Abambo, kodi ana adya chiboliboli?" anafunsa akazi ake. "Anzanu akupita ndi matumba a kachewere ku Ulongwe, inu muli pano ndi zibanthu za mtengo."

Mkuluyo sanayankhe, pakuti mayiwo sananame. Anatsomeka zida zake kudenga, ndipo dzinja lonse sanazikhudze. Amati mawa, mawa, mpaka tchizulo chinachita dzimbiri.

Amene anamudzutsa ndi gogo wina woyandikana naye, amene mtondo wake unabooka. "Mwanawe, ndikasinjira kuti? Ndisemereko, ndikupatsa nkhuku." Anachita manyazi kukana munthu wamkulu. Ananola zida, nagwira ntchito masiku anayi. Pomaliza mtondowo anaona kuti manja ake sanaiwale, ndipo mtima wofuna kusema, umene anaudikira dzinja lonse osabwera, unabwera wokha ali pantchito.

Kuyambira pamenepo anadziikira malamulo, popeza wosema alibe kapitawo womuimbira belu. Mmawa ndi wa khasu, kuti nkhokwe isakhale yopanda kanthu ndiponso kuti pakhomo pasakhale mkangano. Madzulo ndi a kasemasema, afune asafune. Masiku anayi amasema zipande, mithiko, mipini ndi mitondo, zimene anthu amagula pamsika. Masiku awiri amasema zake za kumtima, zimene mwina sizigulidwa chaka chathunthu. Ndalama za chipande ndizo zimagula sandipepa ndi polishi wa chiboliboli.

Mtengo amadula chaka chino kuti adzaseme chaka chamawa. Amauumitsa pamthunzi, osati padzuwa, ndipo nsonga zake amazimata kuti usang'ambike. Chatsopano sayamba chakale chisanathe. Asanalowe m'nyumba amanola zida zonse ndi kulemba ndi khala pamtengo pamene adzayambire mawa, kuti podzuka asataye nthawi n'kuganiza. Akulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Mayi wothawa nkhondo uja anamusemanso ndi mlombwa wouma bwino, ndipo anamutha patapita zaka ziwiri. Wamalonda wina wodutsa pa Calomue anatchula mtengo wabwino. Akazi ake omwe aja ndiwo anakana. "Ameneyu ndine," anatero. "Mtolo umenewu ndinausenza ndine. Gulitsani zina." Zina anagulitsadi, ndipo ana anaphunzira ndi ndalama za zipande ndi mitondo.

Lero mkuluyo maso ayamba kuchita chidima, ndipo mlombwa wasowa m'mapiri, moti amasema kwambiri mitengo yodzala yekha. Pambali pake pamakhala mwana wa mlongo wake, amene amaphunzira lusoli. Mnyamatayo akaona anthu akudutsa osagula amagwa ulesi.

"Amalume, tikusemeranji zinthu zopanda wogula? Lero mtima sukufuna."

Mkuluyo salalikira. Amalowa m'nyumba, natulutsa chiboliboli chong'ambika chija, chimene sanachitaye pamoto zaka zonsezi, nachiika patsogolo pa mnyamatayo.

"Ichi chinandigoneka dzinja lathunthu," amatero. "Tenga mwala, nola tchizulo. Mtimawo utipeza tikugwira."