Phunziro la pa msewu wa ku Mlolo

Msewu wochokera ku Katete kupita ku Tete umadutsa m'dziko la Mfumu Mlolo, m'boma la Chadiza, kenaka n'kufika pa chipata cha Chanida. Mukangodutsa pamenepo muli ku Cassacatiza, m'dziko la Mozambique. Malire amenewa adagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, koma mbali zonse ziwiri kuli Achewa, ndipo onse amakakumana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba.

Tsiku lina titatha kuchezera akatekumeni, ine ndi wansembe wina, mbadwa ya ku Mexico, tidakhala pansi pa mtengo wa mango. Padafika woyendetsa lole wochokera ku Beira, nati: "Poderia dar-me água?" Bambo Mfumu adamumva msanga namutungira madzi, pakuti Chisipanishi chao ndi Chipwitikizi n'zapachibale.

Mlendoyo atapita, adandimasulira. Munthuyu sadalamule kuti "ndipatseni madzi", koma adapempha mwaulemu, monga ife timanenera kuti "mungandigawireko madzi?" M'Chisipanishi amatenga mneni wathunthu n'kuwonjezera -ía kumapeto: hablar, kulankhula, amasanduka hablaría, ndikadalankhula. Aneni ena amafupika: poder amakhala podría, hacer amakhala haría. Apwitikizi amati falaria, poderia, faria. Mawu otere ali ndi ntchito ziwiri zazikulu: kupempha modzichepetsa, ndi kunena chimene chikadachitika zinthu zikadayenda mwina. Pa ntchito yachiwiriyi ife tili ndi -kada- wathu.

Ndidawayankha kuti -kada- ameneyu anthu a m'malire muno amamudziwa bwino. Nkhondo ya ku Mozambique, kuyambira 1977 mpaka 1992, idatayikira m'midzi ya kuno. Othawa nkhondo adafika ndi mitolo pamutu, ndipo ambiri adawasamutsira ku Ukwimi. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, a bungwe la Chikatolika la Sant'Egidio atathandiza kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Koma mpaka lero mumamva nkhalamba zikuti: "Tikadagona kutchire usiku uja, mwana wanga akadakhala moyo." Marita nayenso adalankhula motero kwa Ambuye, mlongo wake Lazaro atamwalira.

Akhristu anzanga, chimene ndidatola ku Mlolo ndi ichi. Mawu amodzimodzi amene timalirira nawo zakale ndiwo amene mlendo adapemphera madzi, ndipo adamwa. "Ndikadapepesa" wonenedwa pamanda sabweza munthu. Ngati pali mbale wanu amene simulankhulana naye, kaya ali kuno kaya kuseri kwa Chanida, nyamukani akadali moyo, mukagogode pakhomo pake n'kunena kuti: "Ndikadakonda kuti tikhale pansi tikambirane."