Duel, Liwu Limene Aphunzitsi Athu Anatisiyira

Mwa mawu onse a Chingerezi amene ndinaphunzira ndili mnyamata, lilipo limodzi limene ndimalikonda mpaka lero ngakhale kuti tanthauzo lake n'lamagazi. Liwulo ndi duel. Lili ndi zilembo zinayi zokha, ndipo limanena za ndewu ya anthu awiri amene apangana tsiku, malo ndi zida kuti athetse mkangano wawo pamaso pa mboni. Kumenyana kwa pamowa sikulowa m'gulu limeneli, kulalira mnzako panjira ayinso. Pamayenera kukhala pangano, zida zofanana, ndi anthu oonerera kuti pasakhale chinyengo.

Anandidziwitsa liwuli ndi aphunzitsi athu a Chingerezi ku sekondale ya mishoni, dziko lino likadali Nyasaland. Anali munthu wa konkuno, wamtali, wolankhula mosathamanga, ndipo choko chinkawatsalira m'zala tsiku lonse. Asanayambe uphunzitsi anakhalapo ku seminale, kumene Chilatini chinawalowa m'magazi. Liwu lililonse limene lawakopa sankalidutsa msanga. Ankaika buku pansi, n'kunena kuti, "Anyamata inu, liwu ili lili ndi makolo ake, tiyeni tikawaone." Tikamva zimenezo tinkadziwa kuti phunziro la galamala lapita, ndipo mitima inkakhala m'malo.

Pa nthawiyo tinkawerenga sewero la Shakespeare la Romeo and Juliet, ndipo tinafika pamene Mercutio akunyoza Tybalt kuti ndi munthu womenyana motsatira malamulo a m'mabuku, n'kumutchula dzina lochokera ku liwu lomweli. Aphunzitsi analemba mawu awiri pa bolodi, duel ndi dual. Pakamwa amamveka ngati liwu limodzi. Lachiwirilo limachokeradi ku duo, kutanthauza ziwiri m'Chilatini, ndipo aliyense angaganize kuti loyambalo n'chimodzimodzi, poti omenyanawo amakhala awiri. Koma kholo la duel ndi duellum, liwu lakale kwambiri la Aroma lotanthauza nkhondo, nkhondo yeniyeni ya magulu a asilikali. M'kupita kwa zaka Aroma anasintha katchulidwe, du wa kumayambiriro n'kusanduka b, ndipo duellum anakhala bellum. Zinachitikanso ndi mawu ena. Duenos, kutanthauza wabwino, anasanduka bonus, ndipo mulungu wawo wamkazi wa nkhondo, Duellona, anayamba kutchedwa Bellona. Liwu la Chingerezi la rebel, munthu woukira, ndi mdzukulu wa bellum yemweyo.

Liwu lakalelo silinafe. Alakatuli ngati Horace ankalikondabe, ndipo linakhala m'mabuku mpaka anthu ophunzira a ku Ulaya a zaka za m'ma 1000 ndi kutsogolo kwake analipeza. Iwo ataona zilembo zoyambirirazo anaganiza za duo, nalipatsa liwulo ntchito yatsopano yonena za nkhondo ya anthu awiri. Linalowa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Aphunzitsi ankasangalala kwambiri akafika pamenepa, nkhope n'kuwala. Ankati liwu limene poyamba linkanyamula magulu a anthu zikwizikwi linafupikitsidwa mpaka kutsala ndi anthu awiri okha, ndipo anthu anachita zimenezi osadziwa kuti asochera.

Ntchito yake yoyamba m'Chingerezi inali ya m'bwalo la milandu, ndipo apa ndi pamene nkhani inatigwira mtima. Anormani atagonjetsa England mu 1066 anabwera ndi mwambo woweruza mlandu ndi zida. Umboni ukasowa, wodandaula ndi woimbidwa mlandu ankalumbira aliyense kuti akunena zoona, kenaka n'kumenyana pamaso pa oweruza. Chikhulupiriro chinali chakuti Mulungu sangalole wabodza kupambana. Ku Paris mu Disembala 1386, Jean de Carrouges anamenyana ndi Jacques Le Gris, amene mkazi wa Carrouges, Marguerite, anamuneneza kuti anamugwirira. Mfumu Charles VI inali pomwepo kuonerera. Mayiyo anali pa chiopsezo chotenthedwa ngati mboni yonama mwamuna wake akadagonja. Anafa ndi Le Gris.

Aphunzitsi atasimba zimenezi anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kufunsa kuti, "Agogo anu sanakusimbireniko za mwavi?" Tonse tinali titamvapo. Munthu akaganiziridwa ufiti ankamwetsedwa mwavi, akasanza ndiye kuti alibe mlandu, akafa ndiye kuti zinali zoona. Boma la atsamunda linaletsa mwambowo ndi lamulo la 1911, ndipo ife tinakula tikumva kuti chinali chizindikiro cha mdima wa makolo athu. Aphunzitsi sanauikire kumbuyo mwavi, pakuti unapha anthu ambiri osalakwa. Anangotiuza nkhani ina. Mu 1817 mtsikana wina dzina lake Mary Ashford anapezeka atafa pafupi ndi Birmingham. Abraham Thornton anaimbidwa mlandu womupha, bwalo n'kumupeza wosalakwa. Mlongo wake wa malemuyo, William Ashford, anautsitsimutsa mlanduwo potsata lamulo lina lakale. Thornton ataimirira m'bwalo lalikulu ku London anaponya golovesi pansi, n'kunena kuti adziteteza ndi thupi lake. Oweruza atafufuza m'mabuku anapeza kuti lamulo la Anormani lija linali lisanafafanizidwe, ndipo mu 1818 anavomereza kuti Thornton ali ndi ufulu wotero. William anakana kumenyana, Thornton anamasulidwa, ndipo Nyumba ya Malamulo inathetsa lamulolo mu 1819. Chaka chimenecho David Livingstone anali mwana wa zaka 6.

Sindingathe kufotokoza bwino zimene zinachitika m'chifuwa mwanga tsiku limenelo. Palibe amene ananyozedwa, mzungu kapena munthu wakuda. Tinangoona kuti anthu a kutali ndi a konkuno anavutikapo ndi funso limodzi, la momwe ungadziwire zoona pamene palibe anaona, ndipo onse anayamba ayesa kusiyira yankho m'manja mwa mphamvu zosaoneka. Kwa mnyamata wa m'nthawi ya Chitaganya, amene tsiku ndi tsiku ankauzidwa kuti nzeru zonse zinabwera pa sitima, phunziro limenelo linali chakudya.

Tanthauzo limene anthu ambiri amalidziwa linabwera pambuyo, kuchokera ku Italy. Kumeneko m'zaka za m'ma 1500 anthu a m'mabanja apamwamba anayamba kumenyana okha, popanda woweruza, pofuna kuteteza ulemu wawo. Kunalembedwa mabuku a malamulo ake, lotchuka n'kukhala la Girolamo Muzio la mu 1550. Chipongwe chachikulu pa zonse chinali kumuuza munthu pamaso kuti ndi wabodza. Wouzidwayo akangokhala chete, anzake ankamusala. Mpingo unadana nazo. Msonkhano wa Trent mu 1563 unalamula kuti omenyana motere achotsedwe mu mpingo, ndipo wofera pamenepo asaikidwe mwachikhristu. Ku France nduna yaikulu Richelieu inakhwimitsa chiletso mu 1626, ndipo chaka chotsatira munthu wa banja lolemekezeka, Montmorency-Bouteville, anadulidwa mutu chifukwa chomenyana masanasana pa bwalo la Place Royale ku Paris. Komabe mwambowo unapitirira, ndipo unali utawolokera kale ku England, kumene liwu lija linalandira tanthauzo latsopanoli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600.

Ife anyamata tinaikonda mbali imeneyi kuposa zonse. M'laibulale ya pasukulu munali buku lofupikitsidwa la The Three Musketeers la Alexandre Dumas, lothetheka chifukwa chodutsa m'manja ambiri. Tinkasirira d'Artagnan, mnyamata wa kumudzi amene atangofika ku Paris anapalana ubwenzi ndi Athos, Porthos ndi Aramis atayamba wapangana nawo ndewu onse atatu tsiku limodzi. Madzulo kuseri kwa nyumba yogona tinkathyola mapesi m'munda wa sukulu n'kuwasandutsa malupanga. Wina ankakhala mboni, kuwerenga mapazi mokweza, ndipo wogonja ankadzigwetsa m'fumbi mwaulemu wonse. Anzanga ambiri a masewera amenewo anatsogola kale, koma kuseka kwawo ndimakumvabe.

Aphunzitsi anamva za malupanga athu a mapesi, ndipo sanatikalipire. Anangopitiriza nkhani. Anatiuza za malamulo amene akuluakulu a ku Ireland anagwirizana ku Clonmel mu 1777, pamene mfuti zazing'ono zinali zitayamba kulowa m'malo mwa malupanga. Womenyana aliyense ankakhala ndi mnzake womuimira, ndipo malamulowo ankati amkhalapakati amenewa ayambe ayesa kuyanjanitsa awiriwo. Mikangano yambiri inkathera pomwepo, wina akapepesa. Zikakanika ndi pamene ankayeza mtunda, kuthira onga m'mfuti, n'kupereka chizindikiro. Ngakhale atsogoleri a boma ankapita. Mu 1809 nduna ziwiri za boma la Britain, Castlereagh ndi Canning, zinawomberana pa Putney Heath, Canning n'kulasidwa pantchafu. Mu 1829 Duke wa Wellington, yemwe uja anagonjetsa Napoleon ku Waterloo, ali nduna yaikulu anakumana ndi Lord Winchilsea ku Battersea pa mkangano wokhudza ufulu wa Akatolika. Chipolopolo cha Wellington chinapita padera, Winchilsea anawombera m'mwamba n'kupepesa, onse anabwerera kwawo amoyo.

Kenaka mawu awo anatsika. Anatiuza za Alexander Hamilton, nduna yoyamba ya zachuma ya dziko la America, amene nkhope yake ili pa ndalama ya madola 10. M'mawa wa pa 11 Julayi 1804 anawoloka mtsinje wa Hudson kupita ku Weehawken kukakumana ndi Aaron Burr, amene pa nthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti. Anawomberedwa m'mimba, n'kumwalira tsiku lotsatira. Zaka zitatu m'mbuyomo mwana wake woyamba, Philip, anali atafa imfa yomweyo ali ndi zaka 19. "Tsono anyamata inu," anatero aphunzitsi, "mabuku amakuuzani mtunda umene anaima ndi mtundu wa mfuti. Ine ndikufuna muwerenge otsala kunyumba." Elizabeth Hamilton, mkazi wa Alexander, anaika mwana, kenaka mwamuna, natsala ndi ana 7 ndi ngongole. Anakhala wamasiye zaka 50, mpaka imfa yake mu 1854.

Kuyambira pamenepo dzina lililonse linkabwera ndi otsala ake. Alexander Pushkin, mlakatuli wamkulu wa ku Russia, anawomberedwa ndi Georges d'Anthès pafupi ndi St Petersburg mu 1837 ali ndi zaka 37, nasiya mkazi wake Natalia ndi ana anayi. Évariste Galois wa ku France anafa mu 1832 ali ndi zaka 20 zokha. Usiku woti mawa akamenyana analembera mnzake kalata yofotokoza masamu amene anatulukira, ndipo masamuwo akuphunzitsidwa m'mayunivesite mpaka lero. Aphunzitsi ankati otsala a Galois ndife tonse, chifukwa palibe angadziwe zimene mutu umenewo ukadatipatsa ukadafika pa imvi. Sankawanyoza amuna amenewa. Ankamvetsa kuti manyazi amaluma, ndi kuti munthu amene anzake onse akumuyang'ana amaona ngati palibe njira ina. Chimene ankakana n'chakuti ulemu wa bambo ulipiridwe ndi misozi ya mkazi ndi ana amene sanafunsidwe n'komwe. Mapesi aja sitinawasiye tsiku lomwelo, koma m'masewera athu munalowa munthu watsopano, wopita kukanena uthenga wa maliro kunyumba, ndipo palibe ankafuna kutenga mbali imeneyo.

Nditakhala mphunzitsi inenso, ndinkapatula nthawi ya liwuli m'kalasi iliyonse imene ndinaphunzitsa, ndipo ndinkalitsata m'njira yomwe anandiyendetsa iwo, kuyambira ku Roma mpaka kwa Elizabeth Hamilton. Atsikana ndi amene ankafulumira kufunsa za otsala ndisanafikeko.

Mwambowo unazilala pang'onopang'ono. Ku England mabwalo a milandu ndi manyuzipepala anayamba kugwira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi mfuti, ndipo munthu womaliza kufa motere m'dzikolo anali Mfalansa wothawa kwawo, Frédéric Cournet, amene anawomberedwa ndi Mfalansa mnzake ku Englefield Green mu 1852. Ku France zinachedwerapo. Mu 1967 Gaston Defferre, meya wa Marseille, anatukwana phungu mnzake René Ribière m'Nyumba ya Malamulo, ndipo awiriwo anakatengana ndi malupanga. Ribière anachekedwa pamkono, magazi n'kutuluka pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo.

Liwu lokha ndi limene latsala, ndipo lapeza malo m'masewera. Oulutsa mpira m'Chingerezi amalitchula osewera awiri akalumphira mpira umodzi m'mwamba, ndipo makompyuta amawerenga kuti wosewera wakuti wapambana kangati pa kulimbana kotere. Ndikakhala pa Kamuzu Stadium kapena pafupi ndi wailesi, wotchinga kumbuyo wa Wanderers n'kuwombana mitu ndi womwetsa zigoli wa Bullets, ndimaliona liwu la aphunzitsi athu likugwira ntchito yake yatsopano. Pali anthu awiri, pali malamulo, pali woimbira mpira ndi khamu la mboni. Akagwa amadzuka, wina amapatsa mnzake dzanja, ndipo madzulo onse awiri amakadya nsima ndi ana awo.