Galu amene abwana anasiya

Ndinakulira m'komboni ya pafamu ya fodya kufupi ndi Banket, ku Mashonaland West. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza ali mnyamata, n'kuchona. Ana a m'komboni tinkaopa galu wa abwana kuposa gule. Anali Ridgeback wofiira, wophunzitsidwa ndi chikoti kuti aziluma aliyense wofika pageti. Achemwali anga ali ndi chipsera pamwendo mpaka lero.

Mu 2002, mafamu akulandidwa, abwana anachoka n'kumusiya. A bungwe la ZNSPCA ankayenda m'mafamu kupulumutsa ziweto zosiyidwa, koma uyu anabisala m'balani mpaka njala inamutulutsa. Atagwira nkhuku yachitatu, azibambo anagwirizana zomupha. Bambo anga ananola nkhwangwa. Agogo anapempha milungu iwiri.

M'mawa uliwonse ankaika kapenta wa ku Kariba m'thumba la jekete n'kukakhala pansi chapatali ndi balani. Galu akasiya kulusa, ankamuponyera mmodzi. Akasendera, wina. Tsiku lachisanu anakhala pansi yekha, ndipo agogo anati "Khala!" n'kumupatsa nthawi yomweyo. Ankati mphoto ikachedwa, galu sadziwa chimene walipidwira. Akalakwa, ankangomufulatira, thumba n'kutseka.

"Agogo, bwanji osangomukwapula? Si ndiye zimene anazolowera?" ndinafunsa.

"Iwe mwana, inenso chikoti ndinachilawa pafamu pompano. Chinandiphunzitsa kubisala basi. Fupa lokakamiza limaswa mphika."

Milungu iwiri itakwana, agogo anadutsa naye pakati pa komboni popanda chingwe, nkhuku zikupalasa pafupi. Galu maso anali pathumba la jekete. Azibambo anabalalika mmodzimmodzi. Bambo anasunga nkhwangwa kuseri kwa chitseko chaka chathunthu, ndipo achemwali sanamugwirepo mpaka anafa ndi ukalamba. Sindiwanena.

Ife a ku Malawi minda sitinagawiridwe, ankati ndife alendo. Kadimba kathu ka m'mbali mwa damu ndi kamene kanatidyetsa, ndipo galuyo ndi amene ankathamangitsa anyani.

Lero ndimakhala ku Chinhoyi. Loweruka anzanga amabwera ndi agalu awo pabwalo la mpira kuti ndiwaonetse zimene ndinaona kwa agogo. Ambiri amafika ndi kamtengo m'manja. Ndimawapempha akasiye pampanda, n'kuwagawira kapenta. Agalu amamva msanga. Amene amanditengera nthawi ndi eni ake, chifukwa dzanja limene linazolowera kumenya limachedwa kuphunzira kupatsa.