Marozi ndi dzuwa la Okutobala

Marozi amasankha nthawi yovuta kuti aonetse kukongola kwawo. Tikawadulira kumapeto kwa Julayi, kukadali kachisanu, amaphukira mu Ogasiti, ndipo pofika Okutobala maluwa amakhala ali psuu. Koma Okutobala yemweyo ndiye mwezi umene dzuwa limaswa mtengo, zitsime zimaphwa, ndipo ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40. Kwathu kuno kumtunda sikufika pamenepo, komabe dothi limauma gwa, khasu n'kumadumpha ukalima.

Pakhomo pathu pali zitsamba zisanu ndi ziwiri za marozi zimene amayi anadzala ife tili ku pulayimale. M'mbali mwake muli ma canna, ma agapanthus ndi ma geranium, ndipo kumpanda kwayanga bougainvillea. Madzi timatunga pamjigo, ndipo m'chilimwe mzere wake umayamba tambala asanalire kachiwiri. Nchifukwa chake amayi ena akationa tikutsanulira madzi pansi pa duwa amafunsa moseka kuti, "Kodi ana inu, maluwawo mudzadyera nsima?" Funsoli silopusa ayi. Ndowa imene yapita ku rozi ikanatha kupita ku mpiru kapena ku tomato. Choncho lamulo la pakhomo pathu ndi lakuti madzi akumwa, ophikira ndi a ndiwo zamasamba amayamba, maluwa amalandira otsala. Luso lonse lagona pa kugwiritsa bwino ntchito otsalawo.

Choyamba ndi kathiriridwe. Kuwaza timadzi pang'ono tsiku lililonse kumanyowetsa pamwamba pokha, ndiye mizu imakwera kudzafuna chinyezicho, dzuwa n'kuiwotcha. Ife timathirira kawiri pa sabata, ndowa ya malita 10 pa chitsamba chilichonse, pang'onopang'ono kuti madzi alowe pansi. Kuzungulira tsinde timakonza kabeseni kadothi kuti asathawe. Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo timathira patsinde osati pamasamba. Tikafuna kudziwa ngati nthawi yakwana, timapisa chala m'dothi: likakhala louma mpaka pakati pa chala, ndiye kuti duwa lili ndi ludzu. Pa zitsamba ziwiri zimene zili poyera kwambiri tinakwirira miphika yadothi mpaka m'khosi. Timaidzaza madzi n'kuvundikira, ndipo madziwo amatuluka okha pang'onopang'ono kudzera m'timabowo ta mphikawo, molunjika ku mizu. Madzi otsukuluzira zovala ndi mbale timawasunga m'chigubu, koma amene muli Jik, mafuta kapena mchere wambiri sitiwayandikiza ku maluwa.

Chachiwiri ndi kuphimbira. Udzu wouma, mapesi odula timizidutswa ndi makoko a mtedza timaziyala mochindikala ngati zala zinayi. Pansi pake dothi limakhala lozizira ndipo chinyezi chimakhalitsa masiku angapo. Vuto lake ndi chiswe, chimene chimakonda zouma zoterezi. Timasiya mpata wa chikhatho pakati pa tsinde ndi zophimbirazo, ndipo Lamulungu lililonse timazitembenuza kuti tione ngati alendowo afika.

Chachitatu ndi kudziletsa. Duwa likaoneka lofooka, mtima umafuna kulithandiza ndi feteleza, koma feteleza wothira padothi louma amawotcha mizu, komanso amakakamiza mphukira zanthete zimene sizingapirire dzuwa. Manyowa owolerana bwino timathira nthawi yodulira, kenako timadikira mvula. Sizasi nayo timaigwira mosamala. Maluwa ofota timachotsa kuti chitsamba chisataye mphamvu popanga mbewu, koma timadula kaphesi kakafupi. Masamba ndiwo ambulera ya tsinde. Mukawachepetsa, khungwa limapsa n'kuchita zipsera zakuda. Chimene sitichisiya ndi mphukira yochokera pansi pa mfundo imene anamezanitsira rozi. Imeneyo ndi ya tsinde lapansi, ndipo ikasiyidwa imalanda chakudya mpaka rozi weniweni kufa.

Kutentha kumabweranso ndi adani ake. Nsabwe zimaunjikana pansonga zanthete, ndipo timazifinya ndi zala kapena kuziwaza madzi a sopo wosalimba madzulo. Zikumbu zing'onozing'ono zofiira za madontho akuda sitizipha, chifukwa chakudya chawo ndi nsabwe zomwezo. Mdani woopsa ndi akangaude ofiira, aang'ono ngati fumbi, amene alimi a tomato amawadziwa bwino. Amaswana msanga kukatentha ndi kuuma, amabisala kunsi kwa masamba n'kumayamwa mpaka tsamba lichite mathothomathotho achikasu n'kugwa. Apa pokha ndi pamene timanyowetsa masamba dala, kuwatsuka kunsi m'mamawa kuti dzuwa liwaumitse msanga.

Maluwa ena aja sapempha zofanana. Bougainvillea timangomusiya, chifukwa akauma m'pamene amachita maluwa ambiri. Mukamuthirira kwambiri amangobiriwira masamba. Agapanthus ndi geranium kwawo ndi ku South Africa, ndipo amapirira: woyambayo ali ndi mizu yonenepa yosunga madzi, winayo amasunga m'mapesi mwake, moti kamodzi pa sabata kamawakwana. Canna ndi wa ludzu, choncho tinamusamutsira kumene kumathera madzi a kubafa. Sabata imene mjigo wavuta, canna ndiye amayamba kumanidwa. Masamba ake amapsa, koma zikhawo zake pansi zimakhala zamoyo ndipo zimaphukanso ndi mvula. Rozi alibe nkhokwe yotere, ndiye ndowa yomaliza imakhala yake.

Masiku a sukulu ntchitoyi timagawana. Amayi ndi achimwene athu aang'ono amathirira Lachiwiri. Ife timafika Lachisanu maphunziro akatha, n'kuthirira mokwanira dzuwa lisanalowe, kuti pa Sabata ndowa zipume. Tsiku limeneli lokha ndiye timathirira madzulo. Madzulo omwewo timathyola maluwa ochepa a patebulo la kutchalitchi, n'kuwaviika m'madzi nthawi yomweyo kuti afike m'mawa asanaweramitse mitu.

Tsono funso la nsima lija tiliyankhe bwanji? Zoona, rozi sadyedwa. Koma m'zaka zimenezi maluwa a pakhomo pathu alowa m'nkhata za maliro a anansi amene sakanatha kugula za m'tauni. Akongoletsa maukwati awiri a m'mudzi, ndipo apita kuchipatala m'botolo la sobo kukaona odwala. Ena mwa amayi amene amatiseka pamjigo ndi omwe amatuma ana kudzapempha zikagwa zotere, ndipo amayi athu sanabwezepo munthu. Tikawerengera, marozi onse asanu ndi awiri amamwa ndowa 14 pa sabata, ndiye kuti ziwiri patsiku, ndipo zambiri mwa izo ndi madzi amene tikanataya kuseri kwa nyumba. Chitsamba chimene chatenga zaka khumi kuti chikule chingathe kufa m'masabata atatu osathiriridwa. Mtengo wa ndowa ziwirizo tauvomera.

Chizimalupsa chikagwa musanyengeke n'kusiya kuthirira, chifukwa mvula imeneyo imangonyowetsa fumbi. Mvula yeniyeni ikakhazikika mu Disembala, ntchito imasintha: matenda a madontho akuda pamasamba a rozi amayamba, ndipo masamba ogwa amafunika kutola ndi kutentha. Imeneyo ndiyonso nthawi yabwino yogawa zitsa za canna zimene zathinana ndi kudzala timitengo ta geranium. Amene mukufuna mbewu, yambani kukumba mayenje ndi kusunga manyowa panopa. Mbewuzo tidzakupatsani ulere.